Galimoto imene inakhala m'zitini zaka 9

Kuphwasula galimoto kumakoma, ndipo kukoma kwakeko ndi kumene kumapusitsa. Loweruka limodzi lokha, uli ndi masipanala ochepa ndi jeke, ukhoza kuchotsa mipando, mabampa, nyali, magalasi ndi zitseko dzuwa lisanapendeke. Ukaima poteropo n'kumapukuta manja, mumtima umati lero ndiye ndagwira ntchito. Ndi mmene ndinachitira ndi Volkswagen Beetle ya 1969, ya injini ya 1300, imene ndinagula kwa mkulu wina yemwe maso anali atayamba kumuvuta. Inalowa pakhomo ikuyenda yokha. Inkafuka utsi pang'ono, inkadontha oyilo monga zimachitira zinzake zonse, koma inkayenda. Patatha milungu 3 inali pa njerwa, injini ili pakona, mabawuti ali m'zitini zakale za penti. Inakhala pomwepo zaka 9.

Zaka zonsezo aliyense wondifunsa ndinkamuyankha chimodzimodzi: nthawi, achimwene, nthawi. Ndipo palibe ankatsutsa, pajatu ndani ali nayo? Ntchito, ana, matenda, maulendo osayembekezera. Zonsezo zinali zoona. Koma tsiku lina nditadzifunsa mosadzinyengerera ndinapeza kuti m'zaka zomwezo sindinaphonyepo mpira umene ndinkafuna kuonera. Choseketsa kwambiri n'chakuti maola ambirimbiri ndinawathera pa YouTube, kuonera anthu ena akukonza ma Beetle awo. Ndinkadziwa mmene amachotsera injini, kuti imagwidwa ndi mabawuti 4 okha ku giyabokosi, ndinkatha kufotokozera munthu bwinobwino. Yanga ili mita 10 kuchokera pa mpando umene ndinkaonerapo, itafunda lona, akangaude atamangapo mudzi.

Sikuti sindinkalowamo m'galaja. Ndinkalowa. Ndinkavundukula lona, n'kuima manja ali m'chiuno. Ndiyambe dzimbiri la pansi? Koma kuti ndilifike bwino ndiyenera kunyamula thupi la galimoto kulichotsa pa chesisi, ndipo zimenezo zikufuna anthu 4 kapena kuposerapo. Ndiyambe injini? Koma injini ndiikamo bwanji penti asanapakidwe? Penti apakidwa bwanji dzimbiri lisanachoke? Funso lililonse linkandibwezera pa linzake, ngati mbuzi yomangidwa pa chikhomo. Pakatha mphindi 20 ndinkasuntha katoni imodzi kuchoka kumanzere kupita kumanja, n'kuvindikiranso lona, n'kutuluka nditatopa ngati ndalima. Chimene chinkanditopetsa sichinali sipanala ayi. Chinali kusankha.

Ndiye pali zitini zija. Tsiku lophwasula ndinadziuza bodza limene aliyense wophwasula galimoto amadziuza: ndikumbukira. Sindinalembe kanthu, sindinajambule chithunzi ngakhale chimodzi. Pa milungu iwiri yoyamba ndinkakumbukiradi kuti bawuti yaitali ija ndi ya sitata, timawashala topindika tija ndi ta kabureta. Patatha chaka zonse zinangosanduka zitsulo. Ndinafika pogula zinthu zimene ndinali nazo kale. Pamene ndinadzayamba kusanthula makatoni ndinapeza mapaketi 3 a magasiketi a injini, onse osatsegula, ogulidwa zaka zosiyana. Kugula sipeya kumanyenga mofanana ndi kuphwasula: phukusi likafika mtima umagunda, umamva ngati ntchito yasuntha, pamene chasuntha ndi ndalama basi.

Ndinkaganiza kuti galimoto ikaima ndiye kuti ikudikira. Siidikira. Petulo amene ndinamusiya m'thanki anauma n'kusiya phula lonunkha lomwe linatseka timabowo ta m'kabureta. Mafuta a mabuleki amakoka chinyezi cha mumpweya, ndipo madzi amenewo anadya masilinda a mabuleki kuchokera mkati. Handibuleki ndinaisiya yokoka, choncho ma brake shoe akumbuyo, zitsulo zimene zimakanikiza dilamu ya tayala pogwira buleki, anakakamira ku dilamuyo ngati anawotchereredwa. Batire linafa imfa yosadzukanso. Matayala ankaoneka atsopano, mapanga ake osadyeka, koma m'mbali anali atang'ambikang'ambika. Manambala 4 omaliza a mzere woyamba ndi DOT pambali pa tayala amanena mlungu ndi chaka chimene linapangidwa, ndipo anga atandiuza zaka zawo ndinangoseka. Makoswe nawo anali atadya mawaya a kumbuyo kwa dashibodi. Chaka chilichonse chimene ndinkati "chaka chamawa", ntchito inkakula ndili m'tulo. Zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo kwawukwawu wanga anali wa dzimbiri.

Komabe chimene chinaimitsa galimoto ija kwenikweni si dzimbiri kapena zitini. Inaimitsidwa ndi galimoto ina, imene inali m'mutu mwanga. Ija ya m'mutu inali yonyezimira paliponse, ngakhale kunsi kumene sikuoneka. Bawuti iliyonse yoyambirira, mtundu wa penti ndendende wa ku fakitale ya ku Wolfsburg, mipando yosokedwa monga inasokedwera mu 1969. Ndikayerekeza galimoto imeneyo ndi chigoba chimene chinali pa njerwa, mtunda wake unali wautali moti phazi silinkafuna n'komwe kunyamuka. Ndipo panali kamantha kena kamene sindinkakavomereza: malinga ngati sindinayambe, sindinalakwitse. Galimoto yosakonzedwa ikhoza kudzakhala yangwiro tsiku lina. Yokonzedwa ndi manja angawa ndinkadziwa kuti idzakhala ndi zipsera.

Ukaiganizira bwino nkhaniyi, ndi yochititsa manyazi pang'ono. Dzina lakuti Volkswagen limatanthauza galimoto ya anthu. Ma Beetle anapangidwa 21,529,464, yomaliza inatuluka mu fakitale ya ku Puebla, ku Mexico, pa 30 July 2003. Mu February 1972 inali itapitirira kale chiwerengero cha Ford Model T, imene inapangidwa yoposa 15 miliyoni. Si galimoto yosowa. Inapangidwa kuti izinyamula ana, katundu, nkhuku ngati zilipo, n'kumakonzedwa m'mbali mwa msewu ndi munthu wamba. Ilibe rediyeta, ilibe madzi oti awire. Injini ili kumbuyo ndipo imaziziritsidwa ndi mpweya wa fani. Ine ndinatenga galimoto yotereyi n'kuisandutsa chinthu choopa kuchikhudza.

Amene anandidzutsa ndi makaniko wina wachikulire, wopuma ntchito, amene anabwera kudzaona vuto la galimoto yathu yoyendera tsiku ndi tsiku. Ataona lona anafunsa chimene chinali kunsi. Ndinayamba kuwafotokozera mapulani anga onse, za penti, za mipando, za chesisi. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anati, "Nanga injiniyo imazungulira?"

Ndinalibe yankho. Zaka 9, ndipo sindinkadziwa.

Anatenga sipanala, anaika pa bawuti ya pulley, gudumu la injini loyendetsa lamba wa fani, anakankha. Inasuntha pang'ono n'kuima. Anati ndichotse mapulagi, ndithire oyilo pang'ono m'bowo lililonse, ndiisiye masiku angapo, ndizibwera kudzaigwedeza uku ndi uku popanda kukakamiza. Akutuluka anatembenuka n'kunena mawu amene ndinawalemba pakhoma ndi choko: "Mwana wanga, iyambe yaima, kenako ilire, kenako iyende. Kukongola n'kwa pamapeto, ngati moyo ulipo."

Poyamba sindinamve. Iime bwanji, si yaima kale zaka zonsezi? Ankanena mabuleki. Galimoto imene singathe kuima siyenera kuphunzitsidwa kuyenda. M'mawu ochepawo anali atandichotsera katundu amene ankanditopetsa uja: anali atandisankhira poyambira. Tsiku lachitatu injini inazungulira yonse, mofewa, ndipo ndinakhala pansi pa simenti n'kumaizunguliza ngati mwana.

Kuyambira pamenepo ndinasiya kudikira tchuthi. Kwa zaka zambiri ndinkakhulupirira kuti galimoto ija ikufuna mlungu wathunthu wopanda chosokoneza, ndipo mlungu wotero subwera kwa munthu wa banja. Ukabwera umapeza denga likudontha. Ndinasankha madzulo awiri pa mlungu, Lachiwiri ndi Lachinayi, theka la ola basi ana akagona. Theka la ola limaoneka lachibwana mpaka utaliwerengera: pa chaka ndi maola 52, ndipo m'zaka 9 zija akanakhala maola oposa 460. Nthawi zambiri theka la olalo linkakula lokha n'kukhala ola, chifukwa manja akada kale ndi girisi safuna kusamba msanga. Koma lonjezo linali la theka, kuti ngakhale tsiku lotopa ndisapeze chifukwa.

Chimene chinathandiza koposa ndi kope. Kope wamba la ana a sukulu, lomangidwa ndi chingwe pa chiwongolero. Lamulo lake linali limodzi: sindituluka m'galaja ndisanalembe chimene ndidzachite ndikadzalowanso, ndipo chikhale chaching'ono moti sindingachiope. "Kukonza mabuleki" si ntchito, ndi mutu wa nkhani. Ntchito ndi iyi: "Masula paipi ya buleki ya tayala lakumbuyo kumanzere. Yathiridwa kale mafuta ofewetsa dzimbiri. Sipanala ili pansi pomwepo." Ndipo sipanalayo ndinkaisiyadi pomwepo. Ndikalowa Lachinayi sindinkaimanso manja m'chiuno. Munthu wa Lachiwiri anali ataganiza kale. Wa Lachinayi ntchito yake inali kugwada n'kumasula. Kumapeto kwa kope ndinkalemba tintchito tosafuna ndalama kapena nzeru, monga kutsuka mabawuti, kupala dzimbiri pa bulaketi, kusanja za m'chitini chimodzi n'kuziika m'timatumba tolembedwa. Timeneti tinali ta masiku amene sipeya sinafike, kapena thumba lauma, kapena mutu sukugwira. Tsopano chilichonse chimene ndikumasula ndimayamba ndachijambula pa foni, mbali ziwiri.

Si madzulo onse amene ankayenda bwino. Pa Beetle, dilamu yakumbuyo imagwidwa ndi nati yaikulu ya 36 mm, yomangidwa mwamphamvu pafupifupi 300 Nm, ndipo yanga inali itawonjezera zaka za dzimbiri pamwamba pake. Lachiwiri loyamba ndinaikankha mpaka m'maso munachita mdima. Lachinayi ndinabwereka paipi yachitsulo yaitali kuposa mita n'kuiveka pa chogwirira, koma dilamu, imene tsopano inali itamasuka ku ma brake shoe, inkangozungulira limodzi ndi nati chifukwa galimoto inali m'mwamba. Ndinatuluka nditakwiya, ndipo ndikuvomereza kuti usiku umenewo ndinaganiza zovindikiranso lona. Ndinalemba m'kope mawu osayenera kuwabwereza pano, koma pansi pake ndinalembanso kuti: "Bwezera tayala, tsitsa galimoto pansi, tchinga matayala, yesanso." Lachiwiri lotsatira ndinachita zomwezo, ndinaimirira pa mapeto a paipi ija ndi thupi langa lonse, ndipo nati inalira ngati mfuti. Madzulo atatu, nati imodzi. Kale ndikanati ndataya mlungu ndi theka. Koma nati imeneyo inali itandiopseza kwa zaka, ndipo tsopano inali m'dzanja langa, yofunda.

Dzimbiri ndi limene linandiphunzitsa kudzichepetsa. Batire la Beetle limakhala kunsi kwa mpando wakumbuyo, ndipo asidi wake amadya pansi pa galimoto mwakachetechete. Panga panali bowo lolowa chibakera. Choipa kwambiri chinali m'munsi mwa zitseko, m'ma heater channel, mipita imene imatenga mpweya wofunda kuchokera ku injini kupita kutsogolo. Mipita imeneyi ndi imenenso imalimbitsa thupi lonse la galimoto, ndipo mpweya wofunda ukazizira mkati mwake umasiya chinyezi. Kunja penti anali bwinobwino. Nditabaya ndi sikuludiraiva inangolowa ngati m'papaya lakupsa. Chikomekome cha mkuyu. Ndinagula makina owotcherera n'kuyesa ndekha, ndipo pa chitsulo chopyapyala chotero ndinkangoboola mabowo atsopano pafupi ndi akale. Ndinalimbana nazo miyezi iwiri chifukwa cha kunyada, poganiza kuti ndikapereka kwa wina ndiye kuti galimotoyo sindinakonze ndine. Pomaliza ndinaitana wodziwa. Woyamba anatenga ndalama ya chikole n'kumangondiuza kuti mawa, mpaka ndinamutaya. Wachiwiri anamaliza m'masiku 4 chimene chikanandidyera chaka. Ndikanadziwa, ndikanamuitana pa tsiku loyamba. Pa galimoto iliyonse yoima pamakhala ntchito imodzi imene mwini wake sangaithe ndipo safuna kuvomera, ndipo kawirikawiri pamenepo ndi pamene zonse zinaimira.

Pali mbali ina imene okonda magalimoto sakonda kuikamba. Nthawi imene umaipeza siigwa kumwamba, umailanda kwa munthu wina. Theka la ola langa linali theka la ola limene mayi a kunyumba ankatsala okha ndi zotsala za tsikulo. Zaka zonse zija sanadandaulepo za galimoto yokha. Chimene chinkawawawa, monga anadzandiuza, chinali kuona chipinda chathunthu chagwidwa ndi chinthu chosasuntha, komanso mwamuna amene akachitchula nkhope imagwa. Tinakambirana. Masiku awiri aja anakhala odziwika, ndipo iwonso anatenga awo awiri. Ndalama za masipeya zinapatsidwa malire pa mwezi. Malirewo anandithandiza ine kuposa iwo, chifukwa anathetsa matenda ogula magasiketi aja.

Mwana wathu wamkazi, amene anali wakhanda pamene galimoto inkakwera pa njerwa, ndi amene anandithandiza kuchotsa mpweya m'mabuleki. Ntchito imeneyi imafuna anthu awiri, wina pa pedulo, wina pansi ndi sipanala ndi botolo. Anakhala pa katoni chifukwa mipando inali isanabwerere, mwendo ukungofika. "Ponda! Pondanso! Gwira pomwepo!" Ine n'kumasula, thovu n'kutuluka, n'kumanganso. "Siya!" Titazungulira matayala onse anafuula kuti, "Adadi, yalimba!" M'moyo wake wonse chinthu chija chinali shelefu yoikapo makatoni. Tsiku limenelo anafunsa koyamba kuti tidzapita nayo kuti.

Kuliza injini kunatenga milungu 6 ya timadzulo tija. Ndinatsegula chivindikiro cha fani n'kupezamo chisa cha makoswe chodzaza manja awiri. Pa injini yozizira ndi mpweya chimenecho si chinthu choseka: mpweya ukatsekeka injini imapsa, ndipo pa ma Beetle a zaka zimenezo silinda ya nambala 3 imatentha kale kuposa zinzake chifukwa choziziritsira oyilo chinaikidwa panjira ya mpweya wake. Ndinatchera mpata wa mavalavu pa 0.15 mm injini ili yozizira, ndi wa mapointi, tizitsulo toyendetsa moto wa mapulagi, pa 0.4 mm. Ndinatsuka kasefa ka oyilo ka pansi pa injini, pajatu injini imeneyi ilibe fyuluta yeniyeni, n'kuthira malita 2.5 a oyilo watsopano. Mapaipi onse a petulo ndinasintha n'kuwamanga ndi zomangira, chifukwa ma Beetle ambiri amene anapsa anayambira pa paipi yakale imene inavuka n'kuthira petulo pa injini yotentha. Chozimitsira moto chinali pambali. Nditaibwezera m'galimoto, ndinazunguliza injini ndi sitata mapulagi atachotsedwa mpaka nyali ya oyilo inazima, n'kubwezera mapulagi, n'kutembenuza kiyi.

Inaphulika kamodzi m'kabureta, phu, n'kukhala chete. Kachiwiri chimodzimodzi. Ndinakhala mphindi zingapo mtima uli m'mwamba ndisanaone kuti ndasemphanitsa mawaya awiri a mapulagi. Masilinda amayaka motsatana 1-4-3-2, ndipo ine, katswiri wa pa YouTube, ndinali nditawaika mwa mutu wanga. Nditawabweza inatsokomola, inanjenjemera, kenako inagwira. Kulira kwa Beetle sikufanana ndi kwa galimoto ina iliyonse, kuli ngati makina osokera amene akwiya. Utsi unadzaza galaja mpaka tinathawira panja tikutsokomola, ana akudumpha, ine ndikunamizira utsiwo kuti ndi umene ukundiliritsa.

Ndikanakonda kunena kuti kuchokera pamenepo zonse zinayenda. Ayi. Itangolira, moto wa mumtima unazirala, ngati kuti chimene ndinkafuna kudziwa ndachidziwa. Kenako kuntchito kunabwera chipwirikiti, ndinaphonya Lachiwiri limodzi, kenako mwezi, kenako miyezi 5. Kusiyana kwake ndi kale kunali kumodzi kokha. Tsiku limene ndinalowanso, manyazi ali tho, sindinapeze phiri. Ndinapeza kope lili pa chiwongolero, ndi mzere womaliza wolembedwa ndi dzanja langa: "Lumikiza waya wa nyali ya buleki, wofiira ndi wakuda, uli pa tepi yoyera." Ntchito ya mphindi 10. Ndinaichita ndisanavule n'komwe malaya a kuntchito.

Sindikunena kuti aliyense amene ali ndi galimoto pa njerwa ayenera kuimaliza. Mnzanga wina anali ndi Land Rover Series III imene thupi lake la aluminiyamu linkaoneka bwino pamene chesisi yachitsulo inali itatha kunsi. Anaisunga zaka zambiri chifukwa inali ya malemu bambo ake. Tsiku lina anavomereza kuti chimene ankasunga si galimoto, ndipo kuti kugona pansi pa chesisi sikunamukomerepo n'kamodzi komwe. Anaigulitsa kwa mnyamata amene anaiyendetsa chisanathe chaka, ndipo mnzangayo anakwera nawo ulendo woyamba. Ine ndimaona kuti anachita bwino kuposa mmene ndinachitira ine m'zaka zanga 9. Funso limene ndimafunsa munthu tsopano si lakuti uli ndi nthawi kapena ayi. Ndimamufunsa ngati amakonda ntchito yakeyo, girisi m'zikhadabo ndi nati zokana, kapena amangokonda chithunzi cha iye mwini ali pa chiwongolero. Onse awiri ndi anthu abwino, koma wachiwiriyo agule yoyenda kale.

Yanga ikuyenda. Chitseko chakumanzere ndi cha mtundu wina, chinachokera pa Beetle ina imene inafa. Pamene anawotcherera pakuonekabe, ndinangopakapo penti woteteza dzimbiri ndi bulashi. Mipando ndi yomwe ija yong'ambika, yofunditsidwa nsalu. Galimoto ya m'mutu ija ikanaiona ikanachita manyazi kuima nayo pafupi. Makaniko wachikulire uja ndinakamutenga kuti ayendemo. Anamvetsera injini mutu uli pendeke, n'kunena kuti valavu imodzi ikulankhula kwambiri, ndiibwerezenso ikazizira. Za penti sanatchule.

Pa shelefu patsala chitini chimodzi. Muli mabawuti 11, kasipuling'i, ndi kachitsulo kopindika ngati chala kamene ndakafunsa anthu atatu ndipo aliyense wanditchulira malo osiyana. Hutala imalira ikafuna, makamaka pokhota kumanja. Lero ndi Lachinayi, ndipo m'kope mwalembedwa kuti ndichotse batani la pakati pa chiwongolero ndione waya wa bulauni.